Phala la agogo, Luther ndi kalata ya ku Balaka

Agogo anga aakazi tinawaika m'manda chaka chatha kumudzi kwathu, kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga. Anali Mkatolika wa kolona m'manja, wobatizidwa ku Utale ali mtsikana. Usiku wa pasiwa, amayi a mphakati atapumira kuimba, anthu anayamba kusimba za ana amasiye amene agogo analera ndi odwala amene ankawaphikira phala. Kenaka wachibale wina, amene anabadwanso mwatsopano m'tauni, anapempha mpata. Anati zonsezo n'zabwino, koma munthu sapulumuka ndi phala. Pabwalo panangoti zii. Amayi anandinong'oneza kuti, "Iwe unapita kusukulu, tandiuza, amayi anga apita kuti?" Ndinangoti kukamwa yasa, digiri yonse osandithandiza.

Chibwerere kumaliroko ndakhala ndikufufuza kumene mkanganowu unachokera. Mizu yake ili m'Baibulo momwemo. Paulo, m'makalata ake kwa Aroma ndi kwa Aefeso, amaphunzitsa kuti chipulumutso ndi mphatso, sichigulidwa ndi zochita za munthu. Yakobo, pa mutu 2 wa kalata yake, amadzudzula wokhulupirira amene amangodalitsa mnzake wanjala ndi pakamwa osamupatsa kanthu. Aliyense amene afuna kupambana mtsutso amatola mmodzi mwa awiriwa n'kumubisa winayo.

Moto weniweni unabuka ku Germany mu 1517. Wansembe wina dzina lake Martin Luther anaipidwa poona anthu osauka akugula zikalata zochepetsera chilango cha machimo, ndalama zina n'kumapita kukamangira tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma. Iye anaumirira kuti munthu amalungamitsidwa ndi chikhulupiriro chokha. Pomasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani mu 1522, anachita kuwonjezera liwu lakuti "chokha" pa Aroma 3:28, ndipo kalata ya Yakobo anaiona ngati yopepuka poiyerekeza ndi za Paulo. Akatolika anayankha pa msonkhano wa ku Trent. Mu 1547 anagamula kuti chisomo ndicho chimayamba, koma munthu ayenera kugwirizana nacho m'zochita zake. Mbali zonse zinatembererana, ndipo m'nkhondo zimene zinatsatira anthu anaphana osati masewera.

Amishoni anabwera nawo kuno mkanganowu m'masutikesi mwawo. Achipulesibeteriya a ku Scotland anatsegula Blantyre mu 1876 ndi Domasi mu 1884. Ansembe a Montfort anafika ku Nzama mu 1901, n'kudzamanga Utale mu 1908. Analimbirana midzi ndi masukulu, ndipo ngakhale Baibulo linali pawiri: ena Buku Lopatulika, ena Malembo Oyera. Makolo athu analowa mkangano wa azungu osaudziwa chiyambi chake. Kawirikawiri munthu ankakhala wa mpingo umene sukulu yake inayamba kufika m'mudzi mwawo, basi.

Koma pali chaka chimodzi chimene chandiphunzitsa zambiri kuposa Luther ndi Trent. Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Dzina lakelo likunena za chikhulupiriro chooneka m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Inakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za masukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndi za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Inasindikizidwa ku Balaka konkuno, pa makina a ansembe a Montfort. Boma la Kamuzu linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu. Maepiskopi anaitanidwa kupolisi, nyumba yosindikizirayo inatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno.

Ndiye taonani amene anaima nawo. Mu Juni chaka chomwecho, atsogoleri ena a CCAP pamodzi ndi nthumwi za World Alliance of Reformed Churches anapereka kalata yawo kwa Kamuzu, yogwirizana ndi zimene maepiskopi ananena. Zidzukulu za chiphunzitso cha chikhulupiriro chokha zinaika miyoyo pachiswe chifukwa cha ntchito imene anayamba Akatolika. Apo ndi pamene panabadwira Public Affairs Committee, momwe munalinso Aanglikani ndi Asilamu, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu. Ine ndinali ndisanabadwe, koma agogo ankakonda kusimba mmene anthu anatulukira m'tchalitchi tsiku la kalatalo, ena akumwetulira, ena akunjenjemera. Palibe anafunsa ngati kulankhulira womangidwa n'chikhulupiriro kapena ntchito. Zinthu zitafika pothina, ziwirizo zinali chinthu chimodzi.

Akuluakulu a mipingo anachedwa pang'ono kufika pamene anthu athu anafika kale. Mu 1998 tinalandira Buku Loyera, lomasuliridwa ndi Akatolika ndi Apulotesitanti limodzi. Pa 31 Okutobala 1999, mumzinda wa Augsburg, Akatolika ndi Alutherani anasainirana chikalata chovomereza kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo, pokhulupirira Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwake, ndi kuti Mzimu Woyera ndiye amamupatsa mphamvu yochitira zabwino. Anati matemberero akale aja sakukhudzanso chiphunzitso chimene agwirizanacho. Amethodisti analowamo mu 2006. Mu 2017, ku Wittenberg kwa Luther komweko, linasainanso bungwe la mipingo ya Reformed, lolowa m'malo mwa lija linatumiza nthumwi kuno mu 1992. Sikuti kusiyana konse kunatha, ndipo mipingo yambiri ya chipentekoste sinali nawo. Komabe n'zomvetsa chisoni kuti nkhani ya mgwirizanowu sinafike m'midzi mwathu monga unafikira mkangano.

Pa Khirisimasi ndinakhala ndi amayi pakhonde n'kuwafotokozera zonsezi. Ndinati wachibale uja sananame: phala siligula kumwamba, ndipo mpingo wa agogo nawonso umatero. Chimene analakwitsa n'kuganiza kuti agogo ankaphika phalalo ngati malipiro. Ine ndinakula nawo, sindinawamvepo akuwerengera Mulungu mbale zimene anagawa. Ankadzuka m'mamawa, kupemphera, kenaka kusonkha moto.

Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati, "Ndiye zimenezi azunguwo zinawatengera zaka zingati?" Ndinati pafupifupi 500. Anaseka koyamba chichitikire maliro aja, n'kudzuka kukaona mphika.