Bwana Ali Kutali: Mbiri ya Kuyang'anira Antchito Osaoneka ndi Maso

Kuyang'anira anthu amene akugwira ntchito kutali ndi bwana wawo sikunayambe ndi intaneti. Ku England, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, nsalu zambiri za ubweya wa nkhosa zinkapangidwira m'makomo. Wamalonda ankagula ubweya n'kuugawa kwa mabanja a m'midzi. Amayi ndi ana ankapota ulusi, abambo n'kumawomba nsalu, ndipo pakapita masiku iye kapena womutuma ankadzatenga katunduyo. Malipiro ankatengera zimene munthu wapanga, monga zimakhalira pa ganyu wolima mizere. Wamalondayo sankadziwa kuti wowomba wadzuka nthawi yanji, kaya Lolemba lonse lathera ku mowa. Ankangodziwa kulemera kwa ubweya umene anapereka ndi kutalika kwa nsalu imene yabwera.

Dandaulo lalikulu la amalondawo linali lakuti ubweya ukusowa. Ena mwa opota ankapatula pang'ono n'kugulitsa, kenako ankanyowetsa ulusi wotsalawo kapena kuupaka mafuta kuti sikelo isaulule. Mu 1777 nyumba ya malamulo ya Britain inakhazikitsa lamulo lolola opanga nsalu a ku Yorkshire, Lancashire ndi Cheshire kulemba ntchito anthu ofufuza za ulusi wobedwa. Koma chimene chinathetsadi mchitidwewu ndi fakitale. Richard Arkwright anatsegula fakitale yake yopota thonje ku Cromford mu 1771, ndipo zina zambiri zinatsatira. Makina oyendera madzi ankafunikadi kukhala pamalo amodzi, komabe fakitale inabweretsanso belu, geti, kapitawo ndi chindapusa kwa wochedwa. Katswiri wa zachuma Stephen Marglin analemba mu 1974 kuti eni chuma anakonda fakitale makamaka chifukwa inkawalola kuona antchito ndi maso. Akatswiri ena amatsutsa, koma chodziwika n'chakuti kuyambira nthawi imeneyo kugwira ntchito kunayamba kutanthauza kupezeka pamene bwana akukuona.

Njanji ndi imene inaswa chizolowezi chimenechi, pakuti palibe kapitawo angaone sitima zonse nthawi imodzi. Daniel McCallum, amene ankayendetsa njanji ya New York and Erie cha m'ma 1855, anali ndi antchito omwazikana pa mtunda wa makilomita mazanamazana. Iye anagawa udindo momveka, aliyense n'kudziwa amene akuyankha kwa iye, ndipo analamula kuti malipoti azibwera kulikulu tsiku ndi tsiku, ena pa telegalafu ola lililonse, onena pamene sitima iliyonse yafika ndi chimene yachedwera. Lipoti linalowa m'malo mwa diso. Patapita zaka pafupifupi 100, Peter Drucker, m'buku lake la mu 1954 lotchedwa The Practice of Management, anaphunzitsa kuti bwana ndi wantchito azigwirizana zolinga, ndipo munthu aziyesedwa ndi zimene wakwaniritsa.

Amene anayesa zimenezi mozama asanaziganizire ambiri ndi mayi wina wa ku Britain, Stephanie Shirley. Mu 1962 anayambitsa kampani yolemba mapulogalamu a kompyuta yotchedwa Freelance Programmers, ali ndi mapaundi 6 okha, ofesi yake ili patebulo la kunyumba. Makalata ake ofuna bizinesi sankayankhidwa kufikira atayamba kusaina dzina lachimuna lakuti Steve. Analemba ntchito amayi odziwa masamu ndi kompyuta amene anasiya ntchito chifukwa cha ukwati kapena ana, ndipo mwa antchito 300 oyambirira, amuna anali atatu basi. Kompyuta m'nyumba munalibe. Mayi ankalemba pulogalamu ndi pensulo pamapepala, mwana ali m'tulo, n'kuitumiza pa positi. Funso lalikulu kwa wofuna ntchito linali lakuti kodi angapeze lamya. Poti maola a munthu sankaoneka, kampaniyi inkayamba yawerengera bwino kukula kwa ntchito, n'kuigawa m'zidutswa, kuika tsiku lomalizira, ndi kupatsa wina kuti aunike zimene mnzake walemba. Mwa ntchito zimene amayiwa anagwira panali pulogalamu ya kabokosi kosunga zochitika paulendo wa ndege ya Concorde. Nkhani ya kampaniyi imayenera kutchulidwa kwambiri kuposa mmene imatchulidwira, chifukwa njira zambiri zimene lero zimaphunzitsidwa ngati zatsopano zinali kale m'manja mwa amayiwa.

Ku America ganizoli linabwera kudzera pa msewu. Mu 1973, chaka chimene mafuta a galimoto anasowa ndi kukwera mtengo, Jack Nilles wa ku University of Southern California anayamba kufufuza ngati antchito a ku Los Angeles angasiye kupita pakati pa mzinda n'kumagwirira ntchito m'timaofesi ta kufupi ndi kwawo, tolumikizidwa ndi likulu pa mawaya a lamya. Anayesa ndi kampani ina ya inshulansi, zotsatira zinali zabwino, koma kampaniyo sinapitirize. Mabungwe a antchito nawonso sanakondwe: mu 1983 bungwe la AFL-CIO linapempha kuti ntchito ya pa kompyuta yogwirira kunyumba iletsedwe, poopa kuti makalaliki azidyeredwa masuku pamutu ali okhaokha m'makomo. Kampani ya IBM inayenda njira yake. Mu 1979 inaika makina olumikizana ndi kompyuta yaikulu m'nyumba za antchito asanu, ndipo pofika 2009 inkanena kuti antchito ake 40 pa 100 alionse alibe desiki ku ofesi.

Mbiriyi siyenda molunjika. Kulikulu la kampani ya Best Buy, Cali Ressler ndi Jody Thompson anayambitsa dongosolo lakuti munthu agwire ntchito kulikonse, nthawi iliyonse, bola zotsatira zioneke, koma mu 2013 bwana wamkulu watsopano analithetsa. Chaka chomwecho bwana wamkulu wa kampani ya Yahoo, Marissa Mayer, anaitanitsa antchito ake kuti abwerere ku ofesi, ndipo mu 2017 IBM yomwe ija inachita chimodzimodzi kwa antchito ake zikwizikwi. Makampani atatu onsewa malonda sankawayendera bwino panthawiyo. Zinthu zikathina, mabwana amafuna anthu awo pafupi.

Umboni wodalirika unachokera ku China. Kuyambira kumapeto kwa 2010, kampani ya zaulendo ya Ctrip ku Shanghai, mogwirizana ndi Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake, inatenga antchito 249 oyankha mafoni a makasitomala n'kuwagawa pawiri potengera tsiku lobadwa. Gulu lina linagwirira kunyumba masiku anayi pa sabata kwa miyezi 9, lina linatsala ku ofesi. A kunyumba anagwira ntchito yochuluka ndi 13 peresenti, ndipo osiya ntchito pakati pawo anachepa ndi theka. Koma poyerekeza ndi anzawo ogwira ntchito mofanana nawo, iwo sankakwezedwa kawirikawiri, ndipo kafukufuku atatha pafupifupi theka anasankha kubwerera ku ofesi, ambiri ponena kuti ankasungulumwa. Apa m'pamene pali phunziro lowawa kwa wotsogolera: ngakhale manambala ali patebulo, mtima wake umakumbukira amene amamuona pakhonde.

Mliri wa Covid-19 unachititsa m'masabata ochepa zimene zinakanika kwa zaka 40. Olowa misonkhano ya pa Zoom tsiku lililonse anachoka pa 10 miliyoni mu December 2019 n'kufika pa 300 miliyoni mu April 2020. Mabwana ambiri anali asanaphunzirepo kutsogolera anthu osawaona, choncho ena anachulutsa misonkhano, ena anagula mapulogalamu owerenga mabatani amene wantchito wadina ndi kujambula zimene zili pa sikirini yake. Antchito nawo anagula tizida togwedeza mbewa ya kompyuta kuti azioneka ngati ali pantchito, mchitidwe wosasiyana ndi wonyowetsa ulusi uja. Kafukufuku wa Microsoft wa mu 2022 anapeza kuti antchito 87 pa 100 alionse ankati akugwira ntchito mokwanira, pamene mabwana 85 pa 100 alionse ankati n'kovuta kukhulupirira zimenezo. Makampani amene anabadwa opanda ofesi, monga GitLab, anali ndi njira ina: chigamulo chilichonse chilembedwe pamalo amene aliyense angawerenge, kuti wa ku dziko lina amene anali m'tulo pa nthawi ya msonkhano asatsalire.

Mliri utatha, makampani ambiri anakhazikika pa kuphatikiza, masiku ena ku ofesi, ena kunyumba. Njirayi ili ndi zovuta zake. Aliyense akamasankha yekha tsiku lobwera, munthu amafika ku ofesi n'kupeza anzake kulibe, n'kutha tsiku lonse pa Zoom. Pa msonkhano umene ena ali m'chipinda ena pa sikirini, a pa sikirini salankhula kwenikweni, ndipo nkhani yeniyeni imagamulidwa kamera itazimitsidwa. N'chifukwa chake atsogoleri ambiri amaika masiku amodzimodzi a gulu lonse, n'kusungira masiku amenewo zokambirana ndi kuphunzitsa obwera kumene. Bloom ndi anzake anabwereranso ku kampani ya ku Shanghai ija, imene tsopano imatchedwa Trip.com, n'kuyesa antchito 1,612 mu 2021 ndi 2022. Ogwirira kunyumba Lachitatu ndi Lachisanu sanatsike pa ntchito kapena pa kukwezedwa, ndipo osiya ntchito anachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mamanejala amene poyamba ankaopa kuti ntchito ilowa pansi anasintha maganizo ataona okha. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu magazini ya Nature mu 2024. Chaka chomwecho Amazon inalengeza kuti kuyambira January 2025 antchito ake a mu ofesi azibwera masiku onse asanu.