Zipatala za eni awiri: mmene chithandizo cha zaumoyo chinakulira m'Malawi

Ndalama zomwe munthu wodwala malungo amawononga m'dziko muno zimatengera kumene amakhala. Akayandikana ndi chipatala cha boma, amalandira chithandizo osalipira, bola mankhwalawo akhalepo. Koma amene chipatala chake chapafupi ndi Malamulo ku Thyolo, Nkhoma ku Lilongwe kapena Embangweni ku Mzimba, amayenera kupisa m'thumba. Onsewa ndi nzika za dziko limodzi, msonkhonso amakhoma kumodzi. Kusiyanaku kunabadwa limodzi ndi zipatalazo.

Oyamba kubweretsa mankhwala achizungu anali amishoni, boma lisanabwere n'komwe. Dr Robert Laws anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo chaka chotsatira anachita opaleshoni atagonetsa wodwala ndi mankhwala, zinthu zomwe anthu a m'mbali mwa nyanja anali asanazionepo. Ku mishoni ya Blantyre, Dr Neil Macvicar, yemwe anafika mu 1896, anayamba kuphunzitsa anyamata akuda kutsuka mabala, kupereka mankhwala ndi kuthandiza pa opaleshoni. Mpingo uliwonse unkamanga chipatala pamene wamanga tchalitchi, osati pamene pali odwala ambiri. Mapu a zipatala zathu anajambulidwa motero, ndipo mpaka lero sanafufutike.

Boma la atsamunda, lomwe linakhazikika mu 1891, linali ndi madokotala ake, koma maso awo anali pa azungu a ku Zomba ndi asilikali. Munthu wakuda wofuna udokotala ankayenera kuwoloka nyanja. Daniel Sharpe Malekebu anautenga ku Meharry, ku America, mu 1917. Hastings Kamuzu Banda anamaliza pa sukulu yomweyo mu 1937. Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe ambiri amangoti Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958, nthawi ya Chitaganya, pamene nkhani za umoyo zinkalamulidwa kuchokera ku Salisbury.

Ufulu utabwera mu 1964, boma latsopano linasankha kuti zipatala zake zikhale zaulere. Linalibe ndalama zolandira zipatala za mishoni, choncho linazisiya m'manja mwa eni ake, ndipo mu 1966 mipingoyo inapanga bungwe limodzi lomwe lero timalidziwa kuti CHAM. Bungweli limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dziko muno, makamaka kumidzi kumene anthu ndi osauka kwambiri. Apa ndiye pagona vuto: ulere unagwera kwambiri okhala pafupi ndi zipatala za boma, kulipira kunatsalira akutali.

Chodabwitsa n'choti dziko lomwe mtsogoleri wake, Banda, anali dokotala linakhala zaka 27 lopanda sukulu yophunzitsa madokotala. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991. Zaka zonsezo ophunzira ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerako. Zomwe dziko linachita podikira ndizo, mwa kuona kwanga, zinapulumutsa anthu ochuluka kuposa nyumba zazikulu ngati chipatala cha Kamuzu Central, chomwe chinatsegulidwa mu 1977. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 boma linayamba kuphunzitsa makilinikoofesala, anthu omwe si madokotala koma amadziwa kuyeza, kulemba mankhwala ndi kung'amba mayi amene mwana wakanika kubadwa. Amene timawaitana kuti adokotala m'zipatala za m'maboma, nthawi zambiri ndi iwowa. Alangizi a zaumoyo nawo anayamba ngati aganyu: ena ankatemera nthomba, ena analembedwa kolera itabuka mu 1973. Mliri utatha boma linaona kuti silingawataye. Lero ndiwo amachititsa sikelo pansi pa mtengo, kupereka katemera ndi kuthira mankhwala m'zitsime, ena mpaka kuchiza ana malungo m'mudzi momwemo.

Edzi inagwedeza zonsezi. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mawodi anali atadzaza mpaka pansi, ogwira ntchito akumwalira nawo, anamwino otsala akukwera ndege kupita ku Britain kumene malipiro a mwezi umodzi ankaposa a miyezi yambiri kuno. Chaka cha 2004 chinabweretsa mayankho angapo nthawi imodzi. Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere ndi thandizo la Global Fund. Boma ndi mayiko othandiza anagwirizana zoika ndalama m'thumba limodzi m'malo moti aliyense aziyendetsa pulojekiti yake, dongosolo lomwe linkatchedwa SWAp. Panayambanso ndondomeko yapadera yomwe inadzawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti ndi kuchulukitsa ophunzira m'sukulu za unamwino. Unduna wa Zaumoyo unali utalembanso mndandanda wa matenda omwe aliyense ayenera kuthandizidwa mwaulere, kulikonse kumene ali.

Mndandandawo ukanakhala pepala chabe kwa anthu a m'madera a mishoni. N'chifukwa chake kuyambira cha m'ma 2006 maofesi a zaumoyo m'maboma anayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM: amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa osalipira, bilu izipita ku boma, lomwe linkalipira kale malipiro a ogwira ntchito m'zipatalazi. Kumene panganoli linagwira, amayi ochirira kuchipatala anachuluka. Koma boma likachedwa kulipira ngongole, chipatala chimabwezeretsa mitengo, ndipo mayi amazimva ali kale pageti ndi gadiyani wake, beseni lili pamutu.

Nayo nkhani ya mphamvu ku anthu, yomwe inalowa m'malamulo mu 1998, inapereka zipatala za m'maboma kwa makhonsolo. Udindo unatsikadi, koma ndalama ndi mphamvu yolemba anthu ntchito zinatsika mwa apo ndi apo, moti mkulu wa zaumoyo pa boma amadzudzulidwa ambulansi ikasowa mafuta pomwe thumba silili m'manja mwake. Nyumba yosungira mankhwala a boma inasandutsidwa bungwe loima palokha, Central Medical Stores Trust, pofuna kuthetsa kusowa ndi kubedwa kwa mankhwala, komabe mawu oti "mukagule kufamase" sanachoke pakamwa pa ogwira ntchito.

Thumba limodzi lija linang'ambika mu 2013, ndalama zitabedwa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate. Mayiko othandiza anasiya kudutsitsa ndalama zawo m'boma n'kubwerera ku mapulojekiti ndi mabungwe awo. Ndalamazo sizinasiye kubwera, ndipo kwa zaka zambiri zoposa theka la ndalama zoyendetsera zaumoyo zakhala zikuchokera kunja, pomwe lonjezo la ku Abuja la 2001, loti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, silikwaniritsidwa kawirikawiri. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ndipo ambiri ogwira ntchito m'makiliniki a ma ARV, omwe malipiro awo ankachokera kumeneko, anauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Kuyambira pamenepo mkangano wakale wabukanso: ena akufuna inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, ena akuti mawodi olipira m'zipatala za boma achuluke, pomwe mabungwe omenyera ufulu wa odwala akukana chilichonse chomwe chingakhudze ulere wa 1964.