Nkhwazi ya ku Chivero

M'mawa wina mu September, masamba a mitengo ya msasa atafiira, ndinanyamuka ku Dzivarasekwa ndi kamera yobwereka kupita kunkhalango yozungulira nyanja ya Chivero. Sindine katswiri wojambula. Nditayenda maola awiri, ndinamva kulira kumene agogo ankatiyerekezera tili ana. Nkhwazi inali itatera pansonga pa mtengo wouma, mutu uli mbee. Zithunzi zitatu zinawonongeka chifukwa manja ankanjenjemera. Chachinayi chinatuluka bwino.

Agogo anachoka ku Nkhotakota nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Anapeza ntchito yosamalira maluwa kwa mzungu ku Mabelreign, n'kukhala ku Dzivarasekwa, komboni yomwe atsamunda anamangira antchito a m'nyumba za azungu. Nyanjayi inali yatsopano: mu 1952 anatseka mtsinje wa Hunyani, womwe lero ndi Manyame, kuti mzinda wa Salisbury upeze madzi, n'kuitcha McIlwaine. Lamulungu lina agogo anafikako panjinga, namva nkhwazi ikulira ngati ya kwawo. Ankati tsikulo anakhala pansi mpaka dzuwa kupendeka. Kumudzi sanabwererenso, anasanduka mtchona.

Adzukulufe tinabadwira kuno, koma ena amatitchabe mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre. Mu 2001 lamulo la unzika litasinthidwa, ambiri a ife tinapezeka tili alendo m'dziko lobadwira, mpaka malamulo aakulu a 2013 anatibwezera unzikawo. Nkhwazi palibe anaifunsapo chitupa. Ili pachizindikiro cha boma la Malawi ndi pambendera ya Zambia, ndipo ambiri amati mbalame yosema ya pambendera ya Zimbabwe ndi yomweyi, imene Ashona amaitcha hungwe.

Koma chomwe chikuopseza mbalameyi lero ndi madzi. Zonyansa za m'zimbudzi za mu Harare zimathera m'nyanjayi, ndipo madzi omwewo ndiwo amabwerera m'mipopi yathu. Mu December 2024, madzi ataipa ndi ndere zapoizoni, zipembere zinayi zinafa pamodzi ndi mbidzi ndi nkhwazi zingapo.

Chithunzi changa ndachipachika pambali pa cha agogo. Mwana wanga wafunsa ngati tingapiteko limodzi kukaimva ikulira. Ndamuuza kuti tipite mwezi uno, tisadikire chaka chamawa.