Muyeso wa Munthu ku Chadiza, Kale ndi Lero

M'midzi ya mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume ku Chadiza, munthu amakhutira ndi moyo wake akamadziona kuti ndi wofunika pakati pa abale ake. Mfundoyi sinasinthe, koma muyeso wake wasintha kangapo. Kale msinkhu uliwonse unali ndi ulemu wake. Mtsikana ankatuluka m'tsimba atalangizidwa ndi anamkungwi, mnyamata ankalowa kudambwe, bambo ankakhala nkhoswe ya mbumba ya alongo ake, ndipo nkhalamba inkafunsidwa nzeru pamilandu. Pafupifupi aliyense ankafika pa masitepe amenewa, wolemera kaya wosauka.

Msonkho wa atsamunda unabweretsa muyeso wa ndalama. Anyamata anakhamukira kuminda ya fodya ya ku Fort Jameson, ku Salisbury ndi kumigodi. Wobwerako ndi njinga ndi bulangete ndiye ankayesedwa mwamuna, pomwe ena osapeza kanthu ankachita manyazi n'kutchona. Ufulu utabwera mu 1964, satifiketi ya sukulu inakhala muyeso. Robert Serpell wa ku University of Zambia, yemwe anafufuza pakati pa Achewa a ku Katete kuyambira m'ma 1970, anapeza kuti makolo ankati mwana ali ndi nzeru akakhala wochenjera komanso wotumika. Koma buku lake la 1993 linaonetsa kuti ambiri olekera sukulu panjira ankadziyesa olephera. Mayeso a giredi 7 ankagamula mwana asanakule n'komwe. Edzi itavuta m'ma 1990, agogo oyenera kusamalidwa anasanduka olera ana amasiye.

Ena anganene kuti chosowetsa anthu mtendere ndi njala basi, osati maganizo. N'zoona kuti wanjala sasangalala. Komabe taganizirani ndalama ya okalamba a zaka 60 kupita m'tsogolo imene inayamba ku Katete mu 2007. Inali yochepa, koma gogo wotha kugulira mdzukulu sopo ndi kope mawu ake amamvekanso pakhomo. Enanso anganene kuti zakale zinali ndi nkhanza zake, monga kukwatiwitsa ana aang'ono, ndipo sakunama, zimenezo zisabwerere. Chofunika kusunga n'chakuti msinkhu uliwonse ukhale ndi udindo wotheka kuufikira.

Maphunziro aulere mpaka giredi 12 anayamba mu 2022, koma sukulu isakhale muyeso wokhawo. Makolo, aphunzitsi ndi mafumu a ku Chadiza, lemekezaninso mlimi wa mtedza, mmisiri ndi gogo wolera adzukulu monga mmene mumalemekezera wokhoza mayeso.