Chikepe Chimene Chinachotsa Woyendetsa Pantchito

Pa boma la Chitipa munthu safuna chikepe kuti alowe mu ofesi. Komatu akuluakulu ambiri a m'bomali amachidziŵa bwino chikepe. Pamene malowo ankatchedwa Fort Hill, amuna ankanyamuka ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Joni, kumene m'maŵa uliwonse ankatsikira pansi pa nthaka, moyo wao uli pa chingwe. Ulendowo unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70.

Lero tikambe za mbale wake wa chikepe chimenecho, cha m'nyumba zazitali zosanjikizana. Ku migodi yambiri chingwe chimakulungidwa pa chimgolo. Cha m'nyumba sichitero. Zingwe zachitsulo zimangodutsa pamwamba pa gudumu la mipata, mbali ino chikepe, mbali inayo chitsulo cholemera, monga amachitira anthu aŵiri pa sikelo. Gudumu likazungulira, zingwe zimagwira m'mipatamo, ndipo injini ingonyamula kusiyana kwa kulemerako. Kampani ya Otis ya ku America inayamba kupanga zikepe zotere zopanda magiya mu 1903.

Kwa zaka zambiri chikepe chinali ndi munthu wochiyendetsa, wovala yunifolomu. Mu 1945 oyendetsawo ananyanyala ntchito ku New York, ndipo anthu a m'maofesi anaima pansi kuyang'ana masitepe. Posakhalitsa, mu 1948, Otis anatulutsa mtundu wotchedwa Autotronic, ndipo mu 1950 nyumba ya Atlantic Refining ku Dallas inalandira zikepe zopanda woyendetsa. Nzeru zake zinali m'chipinda cha pamwamba, m'mene timaswichi tambirimbiri tinkalira ngati nkhululu. Zikepe zingapo zinkayenda mogwirizana: m'maŵa zinkabwerera pansi kukatenga ofika kuntchito, madzulo zinkathandiza oŵeruka.

Ambiri poyamba ankaopa kuloŵamo okha, ndipo sitingawaseke. Munthu amene anadalirapo chingwe amafuna kudziŵa kuti wachigwira ndani.

Mtunduwu nawonso unatha. Mu 1979 Otis anabweretsa Elevonic 101, woyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo timaswichi tija tinayamba kuzulidwa. M'nyumba zina anangosintha nzeruzo, koma injini yakale ndi gudumu lake anazisiya pamalo pake.