Mmene kupendeketsa makina otchetchera kapinga kunakhalira ndi lamulo

Makina oyamba otchetchera kapinga panalibe chowapendeketsera. Edwin Budding anawapanga mu 1830 kufupi ndi Stroud, ku England, ataonera makina ometa ubweya pansalu m'mafakitale a kumeneko. Mipeni inkazungulira kutsogolo, poyera, moti mwini wake ankangowerama n'kuipukuta. Ngakhale pamene kampani ya Ransomes ya ku Ipswich inayamba kugulitsa oyendera petulo mu 1902, mipeni inali pomwepo. Lamulo limene amakaniko amalimbikira lero, loti sefa ya mpweya ndi kabuleta zikhale kumwamba popendeketsa, linabwera ndi zinthu ziwiri zimene zinasintha pambuyo pake.

Choyamba, mpeni unalowa kunsi. Makina ngati Victa, amene Mervyn Victor Richardson anapanga ku Sydney mu 1952, thanki yake ili chitini cha mapichesi, anafalitsa mpeni wozungulira chogona. Udzu wauwisi umamatirira kunsiko n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo kuti uupale kapena unole mpeni, makinawo ayenera kupendekeka basi. Chachiwiri chinali oyilo. Briggs & Stratton itatulutsa injini yopepuka ya aluminiyamu mu 1953, injini zosunga oyilo m'chipinda chakechake zinafala. Oyiloyo amakhazikika bwino makina akaima chilili. Ukawagonekera kolakwika, amatsata kapaipi kopumira injini n'kukanyowetsa sefa, nthawi zina n'kudzaza silinda. Mawa lake chingwe cholizira chimalimba gwa, kapena injini imalira mokakamira, utsi woyera uli tolotolo. Choncho ambiri amangotsitsa chogwirira mpaka pansi kuti pulagi iloze kumwamba, injini itazizira, petulo atatsala pang'ono kapena atatsekedwa.

Wina anganene kuti akuluakulu ankagudubuza makina awo mmene afunira ndipo sankaona vuto. Sakunama, koma ambiri mwa makinawo, kuphatikizapo Victa yoyambirira, anali osakaniza oyilo ndi petulo m'thanki imodzi. Chipinda cha oyilo panalibe, ndiye chikanatayika n'chiyani kupatula petulo? Chizolowezi chawocho chinali choyenera makina amene lero ndi ochepa.

Chitsutso cholemererapo ndi cha langizo lozula waya wa pulagi usanakhudze mpeni. Kuyambira mu 1982, lamulo la ku America limafuna kuti mpeni uime pasanathe masekondi atatu munthu akasiya chogwirira, ndiye ena amati kuzula wayayo n'kutaya nthawi. Koma pa makina ambiri mpeni unamangidwa pa shafuti ya injini, ndipo moto wa pulagi suchokera ku batire, umachokera ku maginito ozungulira limodzi ndi shafutiyo. Kupotokola mpeni ndi dzanja sikusiyana ndi kukoka chingwe. Buleki yoimitsa mpeniyo imadalira kawaya kamene kamatha kuchita dzimbiri, ndipo ena amamangiratu chogwiriracho ndi lekeni kuti dzanja lisatope. Pa makina otero, chotsala choletsa injini kulira ndi waya wa pulagi wozulidwa n'kukankhidwira kutali.