Mpira wa Zipsera

Ku dziko la Scotland kuli masewera akale ochedwa gofu. Munthu apanda kampira, kocepa pang'ono ndi dzira la nkhuku, ndi ndodo yokhota kumutu, kufikira kalowa m'dzenje lakutali. Ndipo apambana ndiye amene atsiriza maenje onse ndi kupanda kowerengeka. Masewerawo anakoma kotero kuti m'caka ca 1457 mfumu James II ndi akuru ace anawaletsa, popeza anyamata analeka kuphunzira uta ndi mibvi. Koma ife lero tifuna kunena za mpirawo, ndi umo unaphunzitsira anthu anzeru.

Kale mpira unali wacikopa. Mmisiri anaphika nthenga za tsekwe zodzala cipewa, nazikanikiza m'kathumba kosoka. Pa tsiku anatsiriza mipira itatu kapena inai yokha, cifukwa cace mtengo wace unakula. M'caka ca 1848 inaoneka mipira yatsopano, youmba ndi utomoni wa mtengo wa ku Malaya, dzina lace gutta-percha, ya mtengo wocepa ndi yosaopa mvula. Allan Robertson wa ku St Andrews, mmisiri wa mipira ya nthenga, anaona kuti nchito yace irikutha. Anakangana ndi wanchito wace Tom Morris, amene anasewera ndi mpira watsopanowo, nalekana naye. Koma pambuyo pace Robertson yemweyo anayamba kuumba mipira ya utomoni.

Tsono panali codabwitsa. Mpira wosalala unauluka pang'ono, nugwa msanga ngati nkhwali yolasidwa. Koma utakalamba ndi kudzala zipsera za ndodo, unapita kutali. Osewera anaciona ici, osadziwa cifukwa cace. Ndipo amisiri anayamba kugogoda mipira yatsopano ndi nyundo asanaigulitse. M'caka ca 1905 William Taylor wa ku Leicester anakonza mpira wa timaenje tolingana, monga uli lero.

Cifukwa cace cinadziwika mocedwa. Peter Guthrie Tait, mphunzitsi wa sukulu yaikuru ya ku Edinburgh, amene mwana wace Freddie anali katswiri wa gofu, anasonyeza m'zaka za 1890 kuti mpira pouluka uzungulira cam'mbuyo. Kuzungulirako kukankhira mpweya pansi, ndipo mpweyawo unyamula mpira m'mwamba. Ndipo m'caka ca 1914 Ludwig Prandtl wa ku Germany anamanga kawaya kuzinga mpira wosalala, nauika pamphepo, napeza kuti mphamvu ya mphepo pa mpirawo yacepa.

Ici ticifanizire ndi mtsinje. Tonse taona umo madzi abvundukira kuseri kwa mwala; mpweya ucita momwemo. Pa mpira wosalala mpweya ulekana nao msanga, nusiya kumbuyo dera lalikuru lobvunduka, limene likokera mpira m'mbuyo. Koma timaenje, monga kawaya kaja, titakasa mpweya wa pakhungu pa mpira, kuti uumamatire kufikira cakumbuyo. Pamenepo dera lija licepa, ndi kukoka kwace komwe. Mpira wa lero uli ndi timaenje 300 kufikira 500. Ukadakhala wosalala, ukadayenda ngati theka lokha la ulendo wace.

Kuyambira mipira ya utomoni kufikira kawaya ka Prandtl zinapita zaka 66. Masiku onsewo amisiri anacita coyenera, angakhale sanakhoza kucimasulira. Potero tisapeputse cimene waona munthu wogwira nchito ndi manja ace. Kawirikawiri maso atsogola, ndipo mabuku atsata m'mbuyo.